Masipanala a Bambo Gauvreau

"Ndawalonjeza kale eni malo ano," anatero Normand atakumbatira bokosi la masipanala. "Aliika m'galasi, dzina la Bambo pansi pake."

"Unafunsa ndani?" anamudula Ghislaine, mlongo wake wamkulu. "Masiku anayi okha chiwaikire m'manda, iwe wayamba kale kugawa?"

Anali pakhomo la fakitale yakale ya nsalu ku Lowell, imene masiku ano anthu amangobwera kudzaona. Bambo awo, a Aldéric Gauvreau, anakonza makina owomba nsalu mmenemo mpaka makutu anagontha. Fakitale inatsekedwa, koma mkuluyo sanamve zimenezo. Lachiwiri lililonse ankabwerabe kudzasamalira makina ochepa amene amayatsira alendo.

Amayi awo anangodutsa pakati pa awiriwo n'kulowa.

Mkati munali chiphokoso. Alendo ochokera kukaona malo a nkhondo ku Concord, zipewa za makona atatu zili kumutu, ankajambula chilichonse. Makina onse ankagunda kupatula amodzi a pakona.

"Awa akungodula ulusi chimwalirire bambowo," anakuwa Mayi Sokha, oyendetsa makinawo. "Tayesa, zatikanika!"

"Mwaona, Amayi?" anatero Normand. "Zatha izi. Zidazi tikazisiya m'manja mwa anthu zisowa. M'galasi anthu aziwakumbukira."

"Aziwakumbukira kapena azikuyamikira iweyo?" anatero Ghislaine. Pamenepo analasa, pakuti Normand ndi wokonda kuomberedwa m'manja.

Amayi anapita pa makina a pakonawo. Anakodola Mayi Sokha kuti ayatse makinawo, n'kuika chikhatho pachitsulo, n'kutsinzina. Ghislaine anagwira pakamwa, misozi ili mbwe. Kuika chikhatho pachitsulo ndi mmene Bambo ankapezera vuto la makina makutu atawathera.

"Tabwera kuno, iwe." Amayi anakoka dzanja la Normand n'kulikanikiza pachitsulopo. "Uli khanda unkadwala mphumu. Bambo ako sankamva kupuma kwako, ndiye ankakuika dzanja pachifuwa chonchi, osalichotsa mpaka utapeza bwino. Amenewo ndiwo ukufuna kuwatsekera m'galasi?"

Normand anamva kugunda m'chikhatho mwake, kenako kudumpha pang'ono, kugundanso, kudumphanso. Zinamupweteka mumtima, manyazi n'kumugwira. Alendo anadutsa, ena n'kubwera, iye ali pomwepo.

Kenako anagwada, n'kuika bokosi pansi. Analitsegula ndi dzanja limodzi n'kupatsira Mayi Sokha sipanala yoperepeseka chigwiriro. Dzanja linalo silinachoke pachitsulo.