Khasu la a Habibu

Chisankho chinatha mu Meyi, koma khutu langa lamanzere silinamve uthengawo. Linkangolirabe. Tiii, tsiku lonse. Miyezi itatu ndinali pamwamba pa galimoto ya chipani ndi chimkuzamawu. Lilongwe, Salima, Dwangwa, kubwereranso. Ndine mwana wa ku Kawale. Kukhala phee sindinakuphunzire.

Ku Nkhotakota ndinabwererako chifukwa cha Tione. Tinadziwana pamsonkhano, iye akugulitsa nthochi. Za ukwati tinagwirizana. Otsala anali atsibweni ake, a Sailesi, a ku Malengachanzi. Ndinakawaona kamodzi. Ndinalankhula ola lathunthu. Nditachoka anamufunsa Tione, "Iwe ufuna kukwatiwa ndi wailesi?" Anati ndibwerenso Loweruka masana, ndidzamve yankho lomaliza.

Loweruka m'mawa Tione anati, "Muyambe mwapita kwa a Habibu za khutulo. Mukumakuwa ngati muli kutsidya kwa mtsinje."

A Habibu anali sing'anga wa kuseri kwa minda ya mpunga. Ndinkayembekeza nsupa ndi mabotolo. Panalibe. Mpasa pansi pa mtengo wa mango. Khasu lakale lopanda mpini, lolendewera pachingwe. Msomali waukulu. Basi.

"Khalani apo. Vulani wotchi."

"Mankhwala ake ndi akumwa kapena osamba? Chifukwa ine, bambo, basi yanga yobwerera ku Lilongwe..."

"Mwayamba kale."

Ndinatseka pakamwa.

Anamenya khasu ndi msomali. Ngwee. "Tsatirani kulirako mpaka kumene kukathere," anatero. "Kukatha musabwerere msanga. Khalani komweko."

Koyamba ndinakutaya panjira, ndinaganiza za basi. Kachiwiri tambala analira. Kachitatu nyerere inandiluma. Iwo osatopa. Ngwee. Ngwee. Kachisanu ndi chiwiri ndinakutsatira ndithu. Kunapyapyala ngati ulusi. Kunakumana ndi tiii wa m'khutu mwanga, n'kupitira limodzi. Kenako zii. Ndinamva mpheta m'mpunga. Ndinamva kupuma kwanga. A Habibu ankanong'ona pemphero. Anandiuzira mpweya m'khutu, n'kundipaka phulusa kuseri kwake.

"Phokoso lanu lalowa m'khasumu," anatero chapansipansi. "Koma limadziwa mwini wake. Mukalankhula panjira likumvani, likutsatani. Chete mpaka mukafike pakhomo mukamwe madzi. Osacheuka."

Ndinagwedeza mutu. Nkhani yaing'ono, ndinaganiza. Ulendo wa ola limodzi.

Nditangotuluka m'dambo, pamphambano, ndinaona munthu akukankha njinga, thumba la mpunga pakaliyala. A Sailesi.

"Ee, a Raston. Mwadzuka bwanji?"

Kuyankha, phokoso libwerera. Kusayankha, Tione wapita. Ndani angapereke mwana kwa munthu wosabweza moni wa akulu? Ndinavula chipewa. Ndinagwada. Ndinawomba m'manja.

"Ndati mwadzuka bwanji."

Ndinawombanso.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Mabatire atha?"

Ndinawalanda njinga n'kuyamba kukankha. Ananditsatira pambali.

"Phungu wanu uja," anayamba, "munkatikuwira uja. Anati mlatho. Mwauona mlatho?"

Yankho ndinali nalo. Anayi, kunena zoona. Ndinameza onse.

"Akuti ku Lilongwe amuna amaphika okha, akazi ali kumsonkhano. N'zoona?"

Thukuta. Njinga inkalemera. Ndinaluma lilime.

"Ndiponso timu yanu ya mpira ija, bola ana asukulu."

Apo ndinatsala pang'ono. Ndinayang'ana tayala lakutsogolo n'kufunafuna malo aja kulira kwa khasu kunathera. Ndinawapeza. Ndinakhala komweko.

Tinapitiriza ulendo. Kenako mawu awo anasintha. Anandiuza za mbalame zimene zadya mpunga chaka chino. Za bondo lawo. Za mlongo wawo, mayi ake a Tione, amene anamwalira mwana ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Dzinja lililonse a Sailesi ankamubereka Tione kumsana kuoloka dambo lomweli, kupita naye kusukulu. Tsiku lina anaterereka, onse awiri m'matope, mwana n'kumaseka. Anaima pang'ono, n'kupukuta kumaso ndi chipewa.

"Chibwerere matipate aliyense akulankhula," anatero. "Womva ndiye sindikumuona."

Pakhomo Tione anatiwona tikubwera limodzi, anagwira pakamwa. Anathamangira kumtsuko. Ndinamwa chikho chonse. Malongosoledwe anga anali okonzeka, kuyambira pa chimkuzamawu mpaka pa khasu. Ndinakoka mpweya. Tione anandiponda chala.

"Tacheza bwino ndi mlendoyu," a Sailesi anauza akazi awo, akumasula thumba.

"Kucheza? Ndi ameneyu? Munapeza mpata?"

"Phulusa ndinaliona pamphambano pomwe paja. Inenso ndinapitako kwa Habibu, za mutu. Sindinafike patali. Mbuzi inadumpha kutsogolo kwa njinga, ndinaitukwana." Anatembenukira kwa ine. "Atsibweni anu abwere tikatha kukolola mpunga. Tikambirane."

"Zikomo," ndinatero. Liwu limodzi. Ena onse ndinawasunga.

Khutu linachita bwino. Limaliranso pang'ono ndikakhalitsa kudepoti. Tione anakhomera khasu lakale pakhonde pathu ku Kawale. Mankhwala mulibe m'menemo. Amangolimenya alendo akabwera, ndikafika pa nkhani yachitatu.