Mabenchi a Bogi Yachitatu

Bogi yachitatu ya sitima yam'mawa inali yakale kuposa aliyense woikwera. Mabenchi ake anali a matabwa, mawindo ena osatseguka, ena osatsekeka. Kalipentala wa kampani ya njanji anakhala akuikhoma misomali kwa zaka makumi atatu, ndipo akazi ake, omwe ankasoka zovala m'tauni, ankaikwera tsiku lililonse.

"Bambo, anthu m'bogimo amadziwa kuti ndine mkazi wanu," ankatero mayiwo akudzisisita msana. "Benchi ikang'amba munthu siketi, onse maso kwa ine."

Chaka ndi chaka kalipentalayo ankalemba makalata opempha mipando yatsopano, koma yankho silinkabwera. Tsiku lina anapeza mipando ya siponji itaunjikidwa kuseri kwa shedi, yochotsedwa m'basi ya kampani yomwe inafa injini. Sanafunse munthu. Loweruka ndi Lamlungu, sitima ili pa mpumulo, anazula mabenchi onse n'kumangamo mipandoyo.

Lolemba anthu anachita kulimbirana bogi yachitatu. Ena anagona tulo mpaka kupitirira siteshoni yawo. Mayi aja anafika kunyumba akuimba nyimbo.

Patatha milungu iwiri, bwana wamkulu anamuitanitsa kalipentala uja. Iye anavala malaya osita bwino, poganiza kuti akukayamikiridwa. Mu ofesimo anapezamo alendo awiri, makamera ali m'khosi, nkhope zili zakugwa ngati ofedwa.

"Anthu awa akwera ndege ziwiri kudzaona bogi ija," anatero bwanayo. "Akuti zamtundu umenewu zonyamulabe anthu zatsala zochepa kwambiri. Mabenchi ali kuti?"

"Ali kushedi, bwana. Kungoti anthu amadandaula msana."

"Msana ali nawo aliyense. Bogi ngati imeneyi ali nayo ndi angati?"

Kalipentala anabwezeretsa mabenchiwo, mlendo mmodzi atamuimirira pambali ndi buku la zithunzi zakale, kuti benchi iliyonse ibwerere pamalo pake penipeni. Ntchito itatha alendowo anakwera sitimayo. Anaimirira njira yonse akujambula, n'kutsika pa siteshoni yoyamba, pomwe galimoto inkawadikira.

Mwezi wotsatira kampani inachita kamwambo. Bwana anayankhula nthawi yaitali za kalipentala wokhulupirika amene wasunga bogiyo momwe inalili kuyambira kalekale, ndipo anamupatsa satifiketi yoikidwa m'felemu. Anthu anaomba m'manja. Iye anawerama n'kuthokoza, poti akanatani.

Kunyumba anaika satifiketiyo patebulo. Akazi ake, omwe anali asanamuyankhule bwinobwino chibwezeretsereni mabenchi, anaiwerenga mpaka kumapeto, n'kugogoda galasi lake ndi chala.

"Pepalali likuoneka lochindikala," anatero. "Mulichotse m'felemumu, mwina ndizilikhalira m'sitima."

Kalipentala anaseka yekha. Ataona kuti mnzakeyo sakuseka, anadzuka kukawatenthetsera madzi othowera msana.