Mwala wa Wochapa Zovala

Kunatsala masiku anayi kuti ndipereke pepala lomalizira digiri yanga ya zamalamulo, koma aphunzitsi anali atalikana kale.

Pepalalo linali lonena za Thom Matthews, loya wa m'zaka za m'ma 1800. Anachoka kuno ku Glasgow kupita ku Canada, kumene ankaimira m'makhoti amuna ovulala pomanga njanji, mpaka anakhala seneta m'nyumba ya malamulo. Mabuku amati anali mwana wa munthu wolemera wa ku Edinburgh. Ine ndinapeza kalata imene iye anatchulamo manja a mayi ake, osupuka ndi sopo ku Springburn, dera la Glasgow lomwe ife timakhala. Aphunzitsi anati kalata imodzi si umboni, ndipo popanda umboni ndiiwale za digiri.

Poti mkuluyu anadzafera konkuno, ndinaganiza zokaona manda ake.

"Kumanda wekha? Mutu ukuyenda bwino iwe?" anatero amayi anga, a Mable.

Amayi amachapa zofunda kunyumba yosungira okalamba, ngakhale anzanga kuyunivesite ndinkawauza kuti ndi anamwino. Akalamula sabwereza. Loweruka ndinapezeka m'basi ndi iwo komanso amayi a Mvano asanu, atanyamula matsache, mabulashi ndi ndowa. Anthu ankatiyang'ana, ine manyazi ali tho.

Mwala wa seneta unali wautali kuposa chitseko, koma unangonena dzina, zaka ndi udindo. Mtima unandiwawa.

"Palibe kanthu apa. Tiyeni tizipita," ndinatero.

"Kwathu sitisesa manda amodzi n'kusiya oyandikana nawo," anayankha amayi. "Eni ake atiyesa anthu otani?"

Ndinakhala pabenchi nditatupa ndi mkwiyo. Iwo anamanga zitenje pamwamba pa majekete n'kuyamba kuzula udzu, akuimba chapansipansi, mvula ikuwaza. Patapita ola, a Tusekelege, amene anali wamkulu pa gululo, anandikodola.

"Nelia, tabwera uwerenge Chizungu ichi. Maso anga anatha."

Kanali kamwala kogwa chagada, kokwiririka ndi ndere. Ndinagwada m'matope n'kuwamasulira mawu ake: "Janet Matthews, wochapa zovala wa ku Springburn. Mwala uwu anauika mwana wake Thom, loya ndi seneta."

A Tusekelege anatsala pang'ono kululuta, koma anakumbukira kumene tinali, nagwira pakamwa. Ine ndinakajambula ndi foni.

Amayi anangoima, bulashi ikudontha madzi.

"Analembetsa yekha? Ntchito ya mayi ake, pamwala, aliyense aziona?"

"Eya, amayi."

"Ameneyu analeredwa," anatero, napitiriza kukwecha.

Pepala linadutsa. Aphunzitsi anandigwira chanza n'kufunsa kuti kamwalako ndinakapeza bwanji. Ndinawatsegulira tsamba loyamba, pamene ndinalemba kuti: "Kwa amayi anga, a Mable, ochapa zovala a ku Springburn. Walemba ndi mwana wawo Nelia."