Mphaka wa Bere M'nkhalango ya Obô

Makoswe anali atamukwana Juvenal. Kumsasa kwake, kumtunda kwa tauni ya Angolares komwe ankatenga uchema m'migwalangwa, makoswewo ankamuboolera zigubu mpaka uchema kutayikira pansi. Tsono anatenga mphaka wa mkazi wake, Alzira, n'kukamusiya komweko. Anabwerako akudzitama kuti wanzeru ngati iye kulibe.

Patapita masiku atatu, anafika pakhomo atasomeka nthenga pachipewa. Anapeza Alzira akusenda nthochi ndi mng'ono wake Ermelinda, amene amagwira ntchito yoteteza nkhalango.

"Mayi a Nelito, mphaka wanu ndi katswiri! Wayamba ndi mbalame, makoswe abwera pambuyo," anatero Juvenal kwa mkazi wakeyo.

Ermelinda anatsomphola nthengazo. "Alamu, izi n'za mbalame ya galinhola!"

"Aa, mbalame zatha m'tchiremu?"

"Iyi ikutha! Dziko lonse lapansi imapezeka pachilumba chathu chokha cha São Tomé, ndipo zatsala zowerengeka. Ikatha kuno, yatheratu."

Alzira anagwira pakamwa. "Mayo ine! Mphakayo ali ndi bere. Aswa lero kapena mawa!"

"Akaswera m'tchire, anawo simudzawagwiranso," anatero Ermelinda. "Adzaswana, adzapulula zisa zonse. Tiyeni!"

Anauyatsa ulendo, liwiro la mtondo wadooka. Atafika, Juvenal anayamba kuthamangitsa mphakayo ndi thumba, koma anangothera m'matope, chagada.

"Tachokani apo, akatswiri inu," anaseka Alzira. "Mphaka sagwidwa ndi mphamvu."

Anakoleza moto, n'kuwotcha nsomba ya mchere, n'kumaitana motsitsa mawu. Kenaka masamba anagwedera. Mphaka uja anatulukira, mimba ikadali pomwepo! Alzira anamufukata, Ermelinda n'kululutira mpaka nkhalango kuyankha.

M'mawa mwake mphakayo anaswera m'dengu kukhitchini. Juvenal anawerenga ana asanu. Manyazi anamugwira, koma mtima unakhala pansi.

Ermelinda anamupatsa misampha yotsekera makoswe m'kati, n'kumuonetsa kupachika zigubu pawaya. Uchema sunatayikenso. Mwezi wotsatira, Juvenal ali pamwamba pa mgwalangwa, anaona galinhola ikudyetsa mwana wake m'chisa. Anatsika msangamsanga ndi chisangalalo chosaneneka, kukauza mudzi wonse.

"Abale anga," ankatero kwa anzake a uchema, "makoswe tithane nawo ndi misampha. Mphaka ndi wapakhomo, musapite naye m'nkhalango. Mphaka akafa timakapempha wina kwa aneba, koma mbalame iyi ikatha tilibe kokapempha."