Thobwa Logona Masiku Anayi

Mlandu wonse ndi wa maliro. Akanapanda kugwa maliro sabata imeneyo, chikondwerero cha makwaya pa tchalitchi chathu kuseri kwa Embangweni sichikanasunthidwa, ndipo thobwa la mayi Sellah, mtsogoleri wa amayi a mpingo, silikanagona masiku anayi mumgolo. Kuno thobwa amati chindongwa, ndipo la mayi Sellah mbiri yake inafika mpaka ku boma.

Ine ndine Linily, mphunzitsi wochokera ku Dedza, ndipo amayi anzanga anandipatsa ntchito yotungira alendo. M'mawa wa tsikulo tinavundukula mgolo tili atatu: ine, mayi Sellah ndi mnzathu Mavis. Thovu linali tho mpaka kukamwa.

"Lawani, aphunzitsi," anatero mayi Sellah. "Chakhwima waka pachoko, pang'ono chabe."

Ndinalawa, linaluma lilime. Mavis anati mlandu saweruza ndi mboni imodzi, natunga kapu yake. Mayi Sellah anati wodziwa bwino ndi mwini wake, nagugudiza makapu awiri. Pofika ulendo wachitatu tinali titagwirizana kuti thobwalo linalibe vuto, koma mtengo wa mango ndi umene unkapendama. Mavis anayambitsa nyimbo n'kuiwala mawu, ife n'kumavomerabe. Nkhuku inadutsa, tinaseka mpaka misozi. Amayi athunthu a mpingo, ovala zoyera! Kunena zoona, ndinali ndisanasangalalepo choncho chibwerere ku Mzimba.

Kuseka kuli mkati, kunatulukira bambo Justus, amuna ake a Mavis, akukankha njinga, thukuta kamukamu. Bambo amenewa kale anali chidakwa chogona m'ngalande, mpaka anagulitsa malata a nyumba yawo ana akuona. Tsopano zinali zitakwana zaka ziwiri osalawa dontho, ndipo mawa lake mpingo unali kuwalandiranso ku mgonero wa Ambuye.

"Monire, amama. Ndapota, kapu imodzi. Kukhosi kwauma chomene."

Dzanja langa linatunga lokha. Nditadzaza kapu m'pamene mutu unandibwerera. Abusa amatiuza kawirikawiri kuti kugwa wekha ndi nkhani ina, koma kugwetsa mnzako wofooka ndi tchimo lolemera koposa. Pa benchi mawuwa ndinkangowagwedezera mutu, lero ndinali nditawagwira m'manja, akuchita thovu. Ndinachita mantha.

Ndinayang'ana Mavis. Anangoti kukamwa yasa, poti mkazi sangakanize mwamuna wake chakumwa pagulu. Mayi Sellah anandinong'oneza kuti, "Apatseni, ndi chindongwa waka." Ndinawamvetsa. Kukana kunali kuulula kuti mtsogoleri wa amayi waphika mowa pakhomo pa tchalitchi.

"Pepani adada," ndinatero, "mlendo sitimupatsa tisanalawe. Ndiyambe ndachotsa ufiti."

Ndinapendeka kapu, gwa gwa gwa, mpaka pansi.

"Aphunzitsi, kwanu ku Dedza ufiti umakhala pansi pa kapu?" anafunsa bambo Justus.

"Wa masiku ano umamira, adada."

Ndinatunga ina, ndinachotsanso ufiti. Mavis anaphulika kuseka, ine ndinayamba kugeya, bambo Justus dzanja lili chitambasulire. Ndinawerengera mofulumira: mgolo wathunthu, mimba imodzi. Sindikanatha.

Mayi Sellah anandiyang'ana, anayang'ana dzanja lija, kenako anamanga chitenje. "Mbwenu anthu anene," anatero. "Anene mpaka atope." Anatsamira mgolo ndi phewa, ine ndinawathandiza, tonse tinapita nawo pansi. Thobwa linayenda ngati madzi a mvula kulowera kumunda wa abusa, ife tili chagada m'matope, zoyera zathu zitasanduka zofiira, tikusekabe.

"Adada Justus, ndaphika mowa ine," anatero mayi Sellah ali pansi pomwepo. "Sindinafune, koma ndi mowa. Madzi ali pa mjigo."

Bambo Justus sanaseke. Anayang'anitsitsa thovu likulowa m'nthaka.

"Ndadziwa kale, amama," anatero motsitsa mawu. "Fungo ndalimva ndili ku msewu, ndiye ndakhota. Mumtima ndati, chindongwa cha ku tchalitchi, andinene ndani? Mukanandipatsa, mbwenu ndamwa. Ndipo sindikanalekera pano."

Kuseka kwa Mavis kunathera pomwepo. Anadzuka, anakagwira njinga ya amuna ake ndi manja onse awiri, nayamba kulira.