Mapazi a Duwa pa Mapepala a Fodya

Pa famu ina cha ku Raffingora, Januario anali wosonkhezera moto m'mabalani owumitsira fodya, ndipo pa komboni ankati mutu wake sukoka. Chionereni zidole zojambula zikuthamanga pa chinsalu cha kanema ku Mhangura, munthuyu sanapezenso mtendere. Ankadula mapepala okutira mabelo n'kumajambula chithunzi chomwechomwecho patsamba lililonse, kungosuntha pang'ono phazi kapena dzanja. Ukatsegula masambawo mofulumira ndi chala chachikulu, chithunzicho chinkayenda.

Ankajambula Duwa, mwana wake amene anamwalira ndi chikuku atangoyamba kuyenda. Ankafuna kuti mwanayo achoke pakhomo, adutse bwalo lonse, akagwere m'manja mwa mayi ake. Koma pa famu nthawi ndi ya mzungu. Nyengo yowumitsa fodya kulibe Sabata, kulibe Khisimisi, ndiye Duwa anali akadali pakati pa bwalo.

Mkazi wake, Selestina, zinkamunyansa.

"Mwana tinaika, inu mukumufukula ndi pensulo," ankatero. "Anzanu akulima timinda ta chimanga, inu muli pa zidole. Tidzadya mapepala?"

Foromani wa mabalani anali Damião, mchimwene wake wa Selestina, munthu wa pakamwa ngati lumo.

"Alamu, basa ndi basa, ntchito si masewera," anamuuza tsiku lina. "Mukaononga balani limodzi, nyumba mutuluke. Ndipo mupita kuti? Ku Tete kwa makolo anu simudziwako ndi mtengo umodzi womwe."

Zinali zoona, n'chifukwa chake zinkawawa. Januario anabadwira pa komboni, kwawo kunali pomwepo.

Masana ena kukugwa mvula ya mvumbi, anakhala pakhomo pa ng'anjo, mapepala pabondo. Anali pa malo ovuta, pamene Duwa akupunthwa n'kudzigwira. Anafufuta, anajambulanso, anafufutanso. Podzadzutsa mutu, ng'anjo inali zii, phulusa lokhalokha. Fodya wa m'balanimo anali atafika poti akangozizira achita thukuta n'kuda, ndipo fodya wakuda mzungu samva naye pepani.

Anathamangira nkhuni, koma zonse zinali zonyowa. Anauzira, anakupiza ndi chipewa, utsi wokha. Udzu wouma panalibe, chiguduli panalibe. Kumunsi, pa balani loyamba, mawu a Damião anali atayamba kale kumveka akukalipira wina.

Chouma pamalo onsewo chinali chimodzi. Januario anatukwana mvula, anatukwana mzungu, anadzitukwana yekha. Kenako anatenga tsamba lomwe amajambulalo, naliyatsa. Silinakwane. Anaponya lina, ndi linanso, kubwerera cham'mbuyo, Duwa akubwerera naye kukhomo kumene anachokera. Nkhuni zinagwira moto atatsala ndi timasamba tochepa.

Damião anafika, nayika dzanja pa chitseko cha balani, naona makona a mapepala akupsa m'ng'anjo.

"Koma lero zidole zija zagwira ntchito," anatero, n'kupitirira.

Januario ataweruka anapeza Selestina akusenda nyemba pakhonde. Mkaziyo sanamupatse moni. Anangotambasula dzanja, maso ali pa nyemba.

"Bweretsani kuno. Lero wafika pati?"

"Ndani?"

"Musandiyese chitsiru. Mumati mukapita kosamba mapepalawo amagona okha? Dzulo anali atadutsa pa mtondo."

Januario anatulutsa timasambato m'thumba, namuuza za moto, za nkhuni, za nyumba imene wapulumutsa. Selestina anapukuta manja pa chitenje, natsegula masamba ndi chala ngati munthu wozolowera. Duwa anaima pakhomo, anakweza phazi, basi. Anatsegulanso. Duwa anakweza phazi, basi.

"Anali pafupi kundipeza," anatero Selestina mwaukali. "Nyumbayo khalanimo nokha ndi mlamu wanuyo. Ine mwana wanga mwandiikira kawiri."