Zimbale za Agogo Padzuwa

Ndipo kapu yomweyo anali kuitsukabe, yachitsulo ija yobenthuka pamlomo, kuitembenuza m'beseni ngati pali malo ena amene chala sichinafike, koma maso a Mwaka sanali m'beseni, anali pabwalo, pamphasa pamene anayala katundu wa malemu agogo ake a Phinias. Mthunzi wa mango unali utayamba kuchoka pamphasapo. M'mawa unaphimba zonse, jekete, nsapato, njinga, makasu, galamafoni, tsopano unali kufupika kubwerera kutsinde, ndipo kumapeto kwa mphasa, kumene dzuwa la Okutobala likanayambira kufika, kunali mulu wa zimbale zakuda, zopanda chophimba.

Amayi ndiwo anazivula m'zikuto zake zamapepala. Anati zithunzi zotere, diso lalikulu lotuluka m'duwa, anyamata a tsitsi ngati chisa cha njuchi, sizingaonekere pamaso pa abale ochokera ku mishoni, nakaponya zikutozo kuseri kwa nkhokwe. Mwaka analipo, anaona, anangotola tsache n'kuyamba kusesa pamene panali posesa kale. Ndipo tsopano sakanatha kungopita n'kukokera muluwo mumthunzi, pakuti katundu wa womwalira akayalidwa poyera sakhudzidwa mpaka wogawa amutchule, kuti wina asadzanene mawa kuti dzanja lina linayenda, ndipo wogawa, agogo a Eneless, mlongo wawo wa malemu, anali akadali pa nkhani ya njinga, kumvetsera amuna awiri akukumbutsana amene anagula tayala lakumbuyo.

"Iwe Mwaka, makapu yasila?" anafunsa amayi.

"Pang'ono."

Dzuwa ndi mdani wa chimbale, agogo anamuuza kalekale, namugwiritsa china chimene chinapindika ngati tsamba louma la mango, singano ikakwerapo imangodumpha n'kubwereza kamawu kamodzi ngati munthu wachibwibwi. Zimbalezi anabwera nazo kuchokera ku Kitwe kumene anagwira ntchito kumigodi ali mnyamata, zina za anyamata akonkuno oimba nyimbo za roko, zina zakunja, ndipo maso awo atachita ng'ala anafuna munthu wowaikira singano pamzere woyamba, munthuyo anali Mwaka, poti ndiye anali pakhomo atamaliza Giredi 12, wopanda kopita, wopanda zonena.

Panali nyimbo ina yodzaza mbali yonse ya chimbale. Inkayamba ndi limba lokha, lozizira, ngati Misa ya pa Lenti ku mishoni ya Mpanshya, kenaka ng'oma zimalowa motsimphina, kuphonya phazi dala, mpaka thupi lako litasiya kufuna kuvina n'kuyamba kungodikira, ndiye gitala, osati gitala wa kwaya ai, koma wolira ngati mavu otsekeredwa m'chitini, wochoka khutu ili kupita linalo, ndipo pakati penipeni zonse zimazima kutsala kaliwu kamodzi kowonda, iwe n'kuganiza kuti batire la sola latha, ukangoti udzuke, zonse zimagwa pamodzi ngati mvula yoyamba pamalata. Pamenepo agogo ankatembenuza nkhope n'kufunsa, "Wamva apo?" Ndipo iye ankagwedeza mutu.

Ankagwedeza mutu, kwa munthu wosaona. Izi anazizindikira ali kumanda, dothi likugwa pabokosi, ndipo chiyambire tsikulo zinali kumudya ngati anankafumbwe m'chimanga: kodi agogo ankamva chiyani m'kachetechete kaja? Mwina ankati mwanayu watopa, akungopirira phokoso la nkhalamba, akuyang'ana foni yake, kapena ai, mwina ankamva mmene mpweya wake unkaimira, poti osaona amamva zambiri, koma nanga ngati ankamva bwanji ankafunsabe tsiku lililonse, bwanji tsiku lina anati, "Ngati uli na vochita, yenda chabe," ndi mawu ofewa aja amene tsopano anali kumveka ngati a munthu amene wagonja?

Njinga inapita. Jekete inapita, anthu akuseka poti inali yaifupi manja kwa woilandira. Dzuwa linakhudza m'mphepete mwa mphasa, kenaka linakwera pachimbale chapamwamba n'kuyala kuwala kwake m'mizere ija. Amalume a Bornwell, atakhala pampando wa agogo ngati unali kale wawo, anali kuyang'ana komweko. Dzulo Mwaka anawamva akuuza mnzawo kuti, "Vili kale na kaboo pakati, nikumanga chabe ntambo, nipachike kudimba. Bakolwe bazathaba." Anaseka, ndipo sanali munthu woipa, ndiwo ananyamula agogo panjinga kupita nawo kuchipatala, mwinanso anali ndi chifukwa chofuna kuopseza anyani kudimbako, tomato amadyedwa, nyimbo sidyedwa, ndipo iye Mwaka ndani, mdzukulu wamkazi wotsuka makapu, kuti alankhule akulu asanamutchule? Amayi akanamuyang'ana ndi diso lija. Abale akanati sukulu yamuwononga, kapena kuti nyimbo zachamba zija zamulowa m'mutu, ndipo mwina zinamulowadi, pakuti ngakhale tsopano, pakati pa kulira kwa nyenje ndi kukangana za makasu, anali kumva kaliwu kowonda kaja, kapakati pa nyimbo, kakukoka, kakukoka, kosafuna kuduka.

Kapu inagwera m'beseni. Anapezeka ataima, madzi akutsika m'zigongono, miyendo itamufikitsa pakati pa bwalo pamene panalibe mthunzi ngakhale pang'ono. Anagwada, poti mawondo okha ndiwo anakumbukira mwambo.

"Agogo Eneless." Mawu anatuluka okanda, ngati singano pamzere woyamba. "Zimbalezo zichoke padzuwa. Zimapindika."

Amayi anamuyang'ana ndi diso lija.

"Ah, kansi kamakamba aka?" anatero amalume a Bornwell, koma palibe amene anaseka.

Agogo a Eneless anamuyang'ana, ndodo yawo yolozera katundu ili m'mwamba, sinatsike kuloza kalikonse. "Sitinafikeko, mwana. Ukuti chiyani?"

"Ndikuti ndikuzifuna ine. Ndinkamva." Sanali kuyang'ananso agogo a Eneless koma mpando wa malemu uja. "Zonse zija, ndinkamva."

Palibe amene anadziwa kuti Mwaka akuyankha ndani. Ndodo inali ikadali m'mwamba, nyenje zikulirabe, ndipo pamwamba pa mulu, m'mphepete mwa chimbale choyamba munkaoneka ngati mwatukuka pang'ono, kapena mwina kunali kunjenjemera chabe kwa mpweya wotentha, kapena madzi a m'maso mwake.